Chipinda cha amalume

Ife Aadiventi timakula ndi tsache m'manja. Kwathu ku Mkanda, Lachisanu dzuwa lisanalowe, pabwalo pamayenera kukhala posesedwa ndipo ndiwo za Sabata zophikiratu. Koma pakhomo pathu pali chipinda chimodzi chomwe tsache sililowa popanda kuodira: cha amalume athu.

Amalume ali ndi otizimu. Sayankhula zambiri, ndipo phokoso la pamsika limawasautsa. M'chipinda chawo muli zitsekerero za mabotolo zosanjidwa potengera mtundu, masipoko a njinga, mabatire akutha ndi matumba a feteleza opindidwa bwinobwino. Mutachotsapo chitsekerero chimodzi amadziwa, ndipo tsiku limenelo nsima sadya. Anthu ena amati analodzedwa, ena amati wina anawakhwimira kuti alemere ndi fodya. Mawu oterewa amalasa agogo athu amene anawabereka.

Zimene amalume amachita si zachilendo kwa madokotala. Mu 1943, Leo Kanner wa ku Baltimore analemba za ana 11 amene ankavutika kwambiri zinthu zikasinthidwa malo. Ana otere amakula, ndipo otizimu amakula nayo. Munthu sadziwika kuti mawa adzadzuka bwanji, koma sipoko imakhala pomwe unaisiya. Kwa amalume, mtendere wagona pamenepo.

Komabe sitingabise kuti pali choopsa. Matumba amaitana makoswe, mabatire amatuluka madzi oipa, ndipo nyumba yofolera udzu sichedwa kupsa. Mu 2013, bungwe la American Psychiatric Association linaika kuunjika zinthu mopyola muyeso ngati vuto lapalokha. Chimodzi mwa zizindikiro zake zazikulu n'chakuti katundu amalanda malo mpaka munthu kusowa pogona kapena podutsa. Kusunga mwadongosolo ndi kwina, kuunjika ndi kwinanso.

Tikapita kutchuthi, timakhala nawo pansi. "Malume, kodi mabatirewa tingawaike m'chitini panja?" Nthawi zina yankho limabwera patapita masiku atatu, ndipo timadikira. Tinagwirizana zinthu ziwiri zokha: njira yopita kukhomo ikhale yotsegula, ndipo kandulo asayandikire matumba. Zotsalazo ndi zawo.

Tikulemba izi chifukwa ambiri a ife timapita ndi a Pathfinder kapena amayi a Dorika kukasesa m'nyumba za anthu ovutika. Ntchitoyi ndi yabwino, koma m'mawa umodzi wokha tingathe kutentha padzala zimene munthu wasanja zaka makumi awiri, n'kubwerako tikuimba. Iye amatsala ndi mantha, ndipo khomo lake sadzatitseguliranso.

Choncho, abale ndi alongo, tizifunsa tisananyamule kanthu. Katundu akafika poika moyo pachiswe, tipemphe nzeru kuchipatala cha boma ku Mchinji kapena ku St John of God ku Lilongwe. Pa 2 Epulo, tsiku lokumbukira otizimu padziko lonse, mpingo wanu ungapatuleko mphindi khumi zophunzitsa za abale athuwa.