Kanyimbo Kamene Ndidakanyoza

Pa tchuthi chapitachi mdzukulu wanga, mnyamata wa zaka 15, adafika pakhonde panga atakoleka gitala kumsana, nkhope itachita tsinya. Aphunzitsi ake adampatsa kanyimbo ka tsamba limodzi koti akaphunzire kunyumba, ndipo iye adaona ngati amuyesa mwana. "Agogo," adatero, "kodi n'kutayiranji nthawi pa nyimbo yoti munthu angathe kuiwerenga tsiku limodzi? Anzanga akuimba nyimbo zoti womva amagwira pakamwa." Nditavala magalasi ndi kuyang'ana pepalalo ndidakhala chete kanthawi, pakuti kanyimboko ndidakazindikira. Ndi komwe ine ndidakakana m'chaka cha 1978, ndipo mawu a mwanayo adali ngati anga omwe.

Nthawi imeneyo ndidali pa sukulu ya sekondale yogonera komweko. Padali wansembe wina wokalamba amene ankatiphunzitsa kuwerenga manotsi Loweruka masana, ndipo ankatibwereka gitala lake la nsambo za nayiloni. Tsiku lina adatiikira kaseti ya Recuerdos de la Alhambra, nyimbo ya Francisco Tárrega wa ku Spain. M'nyimbo imeneyi zala zitatu zimagunda nsambo imodzi motsatizana ndiponso mwaliwiro, kotero kuti khutu limamva ngati liwu limodzi losaduka. Mtima wanga udatengeka, ndipo ndidapempha kuti andiphunzitse yomweyo. M'malo mwake bamboyo adandipatsa tsamba limodzi lolembedwa dzina la Fernando Sor. Nditaliyang'ana ndidati, "Bambo, iyi ndi ya ana." Iwo adamwetulira nati, "Mwana wanga, yamba waimaliza, kenaka udzandiuze ngati ndi ya ana." Ine ndidapinda pepalalo, ndidaliika pakati pa buku la masamu, n'kuliiwala.

Zaka 13 zotsatira ndidakhala ndikulimbana ndi nyimbo zazikulu zokhazokha. Nditayamba ntchito ndidagula gitala langa, ndipo ndidaloweza chiyambi cha Recuerdos, chiyambi cha Asturias ya Isaac Albéniz, ndi ziyambi zina zambiri. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Pamaso pa anzanga ndinkaliza theka la mphindi, iwo n'kuomba m'manja, ndipo ndikafika pamene zala zanga zinkathera nzeru ndinkaima ndi kunamizira chikhadabo kapena nsambo yakale. Palibe amene adazindikira kuti ndidalibe nyimbo ngakhale imodzi yoti ndiimbe kuyambira poyamba mpaka potsiriza. Inenso sindidafune kuzindikira.

M'chaka cha 1991 amayi anga adadwala kwambiri, ndipo atatuluka m'chipatala tidakawasamalira kumudzi. Usiku wina, tulo titawasowa, adaona gitala lili pakona nati, "Mwananga, zaka zonsezi umanyamula chinthu chimenecho. Tandiimbira kanthu ndigone." Ndidakhala pamphasa pafupi ndi nyali ndi kuyamba Recuerdos. Ndidaphonya, ndidayambiranso, ndidaphonyanso malo omwewo. Kachitatu amayi adandigwira dzanja nati, "Basi, watopa, kagone." Sadandidzudzule, koma ine manyazi adandigwira kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga. Munthu wodwala sadafune kuona liwiro la zala zanga. Adangofuna nyimbo yathunthu, yofatsa, yoti imuperekeze ku tulo, ndipo ine ndidalibe. Patapita milungu itatu adatisiya.

Titachoka pamaliro ndidafunafuna m'bokosi la mabuku akale mpaka ndidapeza pepala lija, litachita chikasu. Apa mpamene ndidayamba kufunsa za mwini wake. Fernando Sor adabadwira ku Barcelona m'chaka cha 1778, ndipo ali mwana adaphunzira nyimbo pa sukulu ya kwaya ya amonke a ku Montserrat. Nkhondo za nthawi ya Napoleon zidamchotsa kwao m'chaka cha 1813, ndipo sadabwererenso. Adamwalira ku Paris m'chaka cha 1839. Kumeneko, m'chaka cha 1828, adasindikiza tinyimbo 24 ta ophunzira, Opus 35, ndipo pamutu pa bukulo adalemba yekha m'Chifalansa kuti n'tosavuta kwambiri. Kanga kaja ndi ka nambala 22. Choncho sindidalakwe poganiza kuti nkosavuta. Ndidalakwa poganiza kuti chosavuta nchachabe.

Manotsi ake ndidawaloweza m'masiku ochepa. Chovuta ku dzanja lamanzere ndi chimodzi chokha chachikulu, ndicho kugoneka chala cha mkombaphala kuti chipanikize nsambo zingapo nthawi imodzi. Koma nditajambula kuimba kwanga pa kaseti ndi kumvetsera, ndidamva phokoso la manotsi ofanana mphamvu, oyenda ngati asilikali, opanda nyimbo mkati mwake. Chinsinsi chake nchakuti pakati pa manotsi oyenda mosalekezawo Sor adabisamo liwu lotsogolera, limene liyenera kumveka pamwamba pa anzake monga momwe mawu otsogolera amamvekera m'kwaya yabwino. Chala chimodzi chiyenera kulankhula, zinazo zizinong'ona, ndipo zonsezi m'dzanja limodzi. Kuti ndifike pamenepo padapita miyezi, ndipo mpaka lero masiku ena ndimalephera.

Apa ndidaphunzira chimene wansembe uja ankadziwa. M'nyimbo yaliwiro zolakwa zimabisala, pakuti khutu lisanagwire cholakwa chimodzi, manotsi khumi adutsa kale. M'nyimbo yofatsa mulibe pobisala: nsambo ikalira mokhadzula imamveka, liwu likaduka msanga limamveka, mtima wa woimba ukakhala kwina nawonso umamveka. Zili ngati nsima. Ndi ufa ndi madzi basi, mwana aliyense amadziwa kaphikidwe kake, komabe ndi pa nsima pomwepo pamene timadziwira wodziwa kuphika, chifukwa mibulu ilibe ndiwo yoibisa.

Pambuyo pake ndidamvanso kuti Andrés Segovia, amene adakhala ndi moyo kuyambira 1893 mpaka 1987 ndipo adakweza gitala kufika m'nyumba zazikulu za nyimbo pa dziko lonse, adasankha nyimbo 20 za ophunzira mwa zimene Sor adalemba ndi kuzisindikiza pamodzi m'chaka cha 1945. Yachisanu m'bukumo ndi kanyimbo kanga kaja. Munthu amene zala zake zinkatha chilichonse sadakaone ngati ka ana, pamene ine, mnyamata wosadziwa ngakhale kukonza nsambo bwino, ndidakapinda ndi kukataya m'buku la masamu.

Sindikunena kuti nyimbo zovuta nzoipa, kapena kuti wachinyamata asalakelake zazikulu. Popanda kaseti ija ya Tárrega mwina sindikadagwira gitala konse. Sindikunenanso kuti nyimbo iliyonse yosavuta njoyenera kuisunga. Zina zidalembedwa kuti zingolimbitsa zala, ndipo ukadutsa pamenepo ukhoza kuzisiya. Muyeso wanga tsopano ndi uwu: kodi wina ataimba nyimboyi bwino, ndingakhale pansi ndi kumvetsera mpaka kumapeto? Ngati yankho ndi inde, njoyenera kuiphunzira, ngakhale ikhale ya mphindi ziwiri. Mtengo wa nyimbo suli m'thukuta la woimba ayi, koma m'chimene womva amatsala nacho.

Ife makolo tili ndi mbali yathu pa nkhaniyi. Mwana akachita chinthu chodabwitsa timaitana anansi kuti adzaone, koma akachita chinthu chaching'ono mosamala ndi kuchimaliza timangodutsa. Potero timamphunzitsa, osadziwa, kukonda ziyambi zokopa maso ndi kunyoza ntchito yomalizidwa. Nzosadabwitsa kuti anafe timakula tili ndi mitolo yambiri yomanga theka.

Mdzukulu wanga sindidamuuze zonsezi tsiku lija. Ndidangopempha gitala lake, ndidakonza nsambo, ndipo ndidamuimbira kanyimboko kuyambira poyamba mpaka potsiriza, pang'onopang'ono, monga momwe ndikadafunira kuimbira amayi anga. Agogo ake aakazi, amene ankasankha nyemba pafupi, adaleka nakhala phee. Nditamaliza mnyamatayo adatenga pepala lake ndi kuliyang'ana nthawi yaitali. "Agogo," adafunsa, "kodi liwu lija limamveka pamwamba lalembedwa pati? Ine sindikuliona." Ndidamuuza kuti abwere ndi mpando pafupi, ndipo tidayamba pa mzere woyamba.