Ku Zvishavane ndaphunzira kudzala madzi

Ife ana a m'makomboni a migodi sitinaleredwe ndi khasu. Agogo athu anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Chipata ndi ku Tete kudzakumba asibesitosi ku Shabanie, kromu ku Shurugwi ndi golide ku Kwekwe. Ufa, nyemba ndi nyama zinkachokera ku phoso la kampani, ndipo munda wakumudzi ambiri a ife tinalibe poti tinkawerengedwa ngati alendo. Kenaka ng'anjo za Ziscosteel ku Redcliff zinazima mu 2008, mgodi wa Shabanie nawo unaima, phoso n'kutheratu. Chimene chinatsala m'manja mwathu ndi kabwalo kouma gwa kuseri kwa nyumba ku Maglas kapena ku Mandava.

Chilala cha 2024 chitadutsa, mlangizi wa zaulimi wa AGRITEX, amene kuno timamutcha mudhumeni, anapempha anthu odzipereka oti aphunzire ulimi wa kudimba kuti akaphunzitse anzawo. Ananeneratu poyera kuti malipiro palibe. Ndinalembetsa chifukwa cha mtengo wa ndiwo pamsika, osati chifukwa chokonda dothi. Lero ndikulemba izi zikhadabo zili bii, ndipo mtima wanga wagwidwa.

Phunziro loyamba silinakhudze mbewu n'komwe. Anatiimika pamalo otsetsereka n'kutifunsa kuti mvula ikagwa madzi amalowera kuti. Tonse tinaloza ku ngalande. Pamenepo anatipatsa timitengo titatu, chingwe ndi mwala. Timitengoto tinamanga ngati chilembo cha A, chingwe n'kuchimangirira pansonga, mwala n'kumalendewera. Chingwe chikafika pachizindikiro cha pakati, ndiye kuti miyendo iwiri ija yaima pamlingo umodzi, ndipo umakhoma chikhomo. Ukatero umatembenuza mwendo umodzi, kuyesanso, kukhomanso. Titacheuka tinaona zikhomo zitandandalika mokhotakhota, pamalo pamene maso athu ankati ndi powongoka. Tinakumba ngalande motsata zikhomozo, ndipo m'kati mwake tinakumbamo maenje akuya. Mvula itagwa ndinathamangirako osavala nsapato. Madzi amene kale ankathamanga ofiira ndi dothi lathu anali ataima phee m'maenjemo, akulowa pansi pang'onopang'ono. Ndinaimirira pomwepo mpaka kunyowa thupi lonse.

Maenje amenewa ali ndi mwini wake, ndipo ndi wa konkuno. Zephaniah Phiri Maseko anabadwa mu 1927 ndipo anamwalira mu 2015. Ankagwira ntchito ya njanji, koma anachotsedwa chifukwa cha ndale pa nthawi ya boma la Rhodesia. Atabwerera pakamunda kake kamiyala kunja kwa Zvishavane, anayamba kuyang'anitsitsa mmene mvula imatsikira pathanthwe. Anamanga timakoma ta miyala tochepetsa liwiro la madzi, anakumba maenje ndi maiwe, nadzala nthochi, nzimbe, mango ndi bango. Malamulo a nthawiyo ankaletsa kulima m'dambo, choncho anamutengera kukhoti kangapo, mpaka woweruza anapita yekha kukaona mundawo n'kumumasula. Mu 1987 anayambitsa Zvishavane Water Project kuti alimi anzake aphunzire, ndipo mu 2006 analandira mphoto ya National Geographic. Mkulu wina wa ku Arizona, Brad Lancaster, anadzaphunzira pamunda pake n'kukafalitsa nzeruzi m'chipululu cha kwawo. Ku Mazvihwa, bungwe la Muonde Trust likupitiriza ntchitoyi. Akuluakulu amati madzi akatayika saoleka. Phiri anayankha mwambiwo ndi khasu: anawagwira asanatayike. Mfunda wake ndi wathu womwe, ndipo ndikaumva ukutchulidwa m'kalasi ndimanyadira.

Chachiwiri chimene chinandikopa ndi manyowa. Tinasanja mapesi pansi, pamwamba pake masamba aawisi, kenaka ndowe, phulusa pang'ono ndi dothi, tikuwaza madzi pagawo lililonse mpaka mulu unafika m'chiuno. Pakati tinazikapo ndodo. Patapita masiku ochepa mlangizi anandiuza kuti ndiizule n'kuigwira. Inali yotentha! Zinyalala zimene moyo wanga wonse ndinkaziotcha zinali zikudziphika zokha. Ndodo ikatuluka yozizira ndiye kuti mulu wauma kapena zaziwisi zachepa. Ikatuluka yonunkha, madzi achuluka ndipo muyenera kuutembenuza. Pamapeto pake chimatsala ndi dothi lakuda, lofewa, la fungo la mvula yoyamba.

Tinaphunziranso Pfumvudza, njira imene inachokera ku Foundations for Farming ndipo boma linaifalitsa dziko lonse mu 2020. Munda wake ndi wa mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi, mizere 52, mzere uliwonse maenje 28. Cholinga n'chakuti mzere umodzi udyetse banja sabata imodzi, chaka n'kutha. Kutauni malo otere ndi ochepa amene ali nawo, koma mfundo zake zimakwanira ngakhale pakabedi kamodzi: osagaula nthaka, kuphimbira ndi udzu kapena mapesi, kusinthanitsa mbewu ndi kuchita zonse pa nthawi yake. Ndinalowetsa chala pansi pa udzu wophimbira dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo dothi linali lachinyezi ndi lozizira.

Pali phunziro lina limene ndi lathulathu, anthu a m'matauni a migodi. Si dothi lililonse loyenera ndiwo. Fumbi la pamilu ya zotsala za mgodi wa asibesitosi ndi loopsa ku mapapo, ndipo madzi a m'maenje mmene okumba golide otchedwa makorokoza amatsukira golideyo ndi mekyule sayenera kuthiriridwa pa repu kapena kovo. Pamalo okayikitsa ndi bwino kudzala m'matumba odzaza dothi lochokera kwina ndi manyowa ako.

Chovuta kuposa zonse ndi kuphunzitsako. Mlangizi wathu amati mphunzitsi wa kudimba alankhule pang'ono, khasu apereke kwa wophunzira, ndipo bedi lake lomwe likhale umboni. Tsiku limene ndinaima koyamba pamaso pa amayi a m'dera lathu, ndinalankhula Chishona ndi Chichewa mosakaniza. Nditangotchula bonongwe ndi luni, agogo ena amene anali chete nthawi yonseyo anadzuka n'kuyamba kufotokoza mmene amayi awo ankafutsira nkhwani ndi khwanya kuti akhale mfutso wa m'chilimwe. Tonse tinakhala pansi kumvetsera, inenso ndikulemba. Nzeru zambiri zili m'makomboni mwathu momwemu, zikungodikira wozifunsa.

Choncho inu a ku Zvishavane, Shurugwi, Redcliff, Mvuma ndi Kwekwe, kafunseni mlangizi wa m'wadi yanu za maphunziro a alimi otsogolera anzawo, ndipo mulembetse. Mvula ikadzagwa, tulukani mukaone kumene madzi a padenga panu akupita. Agogo athu anakumba nthaka ino kuti alemeretse ena. Ife tiikumbe kuti madzi akhale, ana adye ndiwo, ndipo aliyense amene waphunzira aphunzitse mnansi wake.