Chiyero Chimayesedwa pa Sikelo ya pa Lufita

Kunja kusanayere bwino, m'miyezi yozizira ya pambuyo pokolola, msewu wa tala wochokera ku Karonga kupita pa boma la Chitipa umakhala utayamba kale kuthira anthu pa Lufita. Anyamata a kabaza amafika atamanga matumba a chimanga ndi nyemba kumbuyo kwa njinga zamoto, amayi amatula madengu a mawere, mbatata ndi tomato, ogulitsa kaunjika amamasula mabelo awo mame akadali pa udzu. Moni umamveka m'Chilambya, m'Chindali, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, pakuti boma limeneli lili pakati pa Tanzania ndi Zambia ndipo limadziwika ndi kuchuluka kwa ziyankhulo. Ndikunena kuti pabwalo lotere ndi pamene mtsogoleri wa mpingo wa chiyero ayenera kuyesedwa. Ulaliki wa Lamulungu umamveka ndi okhawo amene alowa m'tchalitchi, koma zimene ulalikiwo wachita mwa munthu zimaonekera pano, pamene ndalama ikuchoka m'dzanja lina kulowa m'dzanja lina. John Wesley, kholo la chiphunzitso cha chiyero, wobadwa mu 1703 ku England, ankadziwa zimenezi. Ankadzuka 4 koloko m'mbandakucha n'kulalikira 5 koloko kuti anthu amve asanapite kuntchito, ndipo kuyambira mu 1739 anatulutsa ulaliki m'nyumba zopemphereramo n'kuupititsa pamtetete, kwa anthu okumba malasha kufupi ndi mzinda wa Bristol.

Dzuwa likayamba kutentha, anthu amaunjikana pamene pali mavenda ogula mbewu. Sikelo imapachikidwa pa mitengo itatu yomangidwa pamodzi kunsonga, thumba limakolekedwa ku ngowe, muvi umanjenjemera, ndipo wogula amatchula makilogalamu mofulumira muviwo usanaime. Mayi amene wasenza nyemba zake kuchokera kumudzi amayang'ana nkhope ya wogula, osati sikelo, chifukwa manambala ake ndi ang'onoang'ono ndipo aima mozondoka kwa iye. Pena muyeso ndi ndowa, yomwe ena amaipondereza kunsi kuti mimba yake ikule, kenaka n'kufuna kuti idzazidwe mpaka mbewu zitundumuke pamwamba. Si ogula onse amene amachita zimenezi, koma alimi m'dziko lonse lino akhala akudandaula nazo chaka ndi chaka, ngakhale kuti Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi udindo woyesa masikelo. Apa pali nkhani ya abusa. Mutu 19 wa buku la Levitiko, umene umalamula Aisraeli kukhala oyera chifukwa Mulungu wawo ndi woyera, ndi womwewo umene umalamula miyeso yolungama ndi kulipira waganyu tsiku lomwelo. Mneneri Amosi anadzudzula amalonda ochepetsa muyeso n'kukweza mtengo. Wesley naye, polemba malamulo a magulu ake mu 1743, analetsa kuchulukitsa mawu pogula ndi pogulitsa, kukongoza pa chiwongoladzanja chosaloledwa, ndi kukongola usakuona pomwe udzapeze chobwezera. Choncho mbusa amene amalandira chakhumi cha venda osamufunsa za sikelo yake wasiya theka la ntchito imene anaitanidwira.

Wina anganene kuti zimenezi ndi za boma, abusa asamale za moyo wauzimu. Yankho lake likuoneka pamsika pomwepo. Woyesa masikelo amabwera mwa apo ndi apo, ndipo akachoka sikelo yobisika imatuluka. Chimene chimatsala tsiku lililonse ndi chikumbumtima cha wogula, ndipo amene amachiumba ndi makolo, mafumu ndi mpingo. Boma likhoza kulanda sikelo, koma silingachititse munthu kuchita manyazi pobera mayi wamasiye amene amakhala naye pa benchi imodzi Lamulungu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mbusa wokhala m'mudzi momwemo, wolima munda wake monga aliyense, ndiye mnansi amene ali ndi mwayi wotsina khutu limenelo mwachikondi.

Pofika masana msika umakhala utakhwima. Mafuta a chipisi akuwira, utsi wa kanyenya ukuyenda pakati pa mashopu, zitenje, mapoto, mafuta ophikira ndi zipangizo za njinga zamoto zayalidwa, zambiri mwa izo zochokera kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Wina wadutsa nazo pachipata n'kulipira msonkho ku MRA, wina wadzera njira zam'tchire. Pano ndi pamene chotsutsa chachikulu chimadzuka, ndipo sichiyenera kupeputsidwa: kodi si nkhanza kuuza munthu wa mpamba wochepa, amene phindu lake lonse lili pa kamsonkho kamene wazemba, kuti asiye? Ana ake adya chiyero? Wesley anakumana ndi funso lomweli m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ku Cornwall. Mu 1753, ku St Ives, anapeza kuti pafupifupi gulu lake lonse limagula ndi kugulitsa katundu wozembetsa, ndipo anawauza poyera kuti asiye kapena asadzamuonenso. Koma sanathere pa kuletsa. Kale mu 1746 anali atakhazikitsa ku London thumba lokongoza anthu a malonda ang'onoang'ono ndalama zochepa zobweza m'miyezi itatu, ndipo chaka chomwecho anatsegula malo operekerapo mankhwala kwa osauka. Anthu ake anawagawa m'timagulu ta anthu pafupifupi 12, tokumana sabata iliyonse kufunsana za moyo wawo ndi kusonkha kandalama. Phunziro lake n'lakuti mtsogoleri alibe ufulu woletsa njira yokhota ngati sakuthandiza kutsegula yowongoka. Pa Lufita njira imeneyo ikhoza kukhala banki m'khonde ya mumpingo yoyendetsedwa mosabisa kanthu, kapena alimi a mpingo umodzi kusonkhanitsa nyemba zawo n'kugulitsa pamodzi pa sikelo imene onse akuikhulupirira.

Dzuwa likapendeka, ndalama za m'mawa zija zimayamba kusintha eni. Wakatapila amakhala atadikira amene anamukongoza nthawi ya njala. Kuseri kwa mashopu kumamveka phokoso la omwa chipumu ndi kachasu, ndipo mtengo wa thumba la chimanga ukhoza kuthera pomwepo mwini munda weniweni, mayi wa kunyumba, asanauone. Mipingo ya chiyero imadziwika ndi kuletsa mowa ndi fodya, ndipo pachifukwa chimenechi ambiri amaitcha mipingo ya malamulo. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake. Pali atsogoleri amene amayesa chiyero ndi kutalika kwa diresi, amene amachotsa mumpingo mtsikana wotenga mimba koma n'kukhala chete pa mkulu wa mpingo wokongoza katapila chifukwa ndiye anagula malata a tchalitchi. Umenewo ndi Ufarisi, ndipo oyambitsa mipingo imeneyi akanaukana. Wesley ankati chimake cha chiyero ndi chikondi changwiro kwa Mulungu ndi kwa mnansi. B. T. Roberts anayambitsa mpingo wa Free Methodist mu 1860 m'chigawo cha New York atakana mwambo wogulitsa mipando ya m'tchalitchi kwa olemera, ndipo anatsutsanso ukapolo. Phineas Bresee anayamba mpingo wa Nazarene mu 1895 pakati pa osauka a mumzinda wa Los Angeles. Kwa iwo kuletsa mowa kunali kuteteza mkazi ndi ana a womwayo. Lamulo likachoka pa chikondi chimenecho limasanduka chikwapu chomenyera ofooka okha.

Nthawi yomweyi pamisika yathu pamamvekanso zimkuzamawu za alaliki olonjeza chuma chadzidzidzi kwa amene apereka mbewu ya ndalama. Iwo amakopa khamu, ndipo wina akhoza kunena kuti uthenga wa kuona mtima ndi kudziletsa watha nthawi yake, komanso kuti unali wa azungu. Koma kukula kwa khamu sikuonetsa kuti uthenga ndi woona. Funso ndi lakuti mlimi akuchoka pamsika ndi zochuluka kapena zochepa chifukwa chokumana ndi mlalikiyo. Za uzungu, mbiri ikutsutsa. Ngakhale kuti mpingo wa Nazarene unafika m'dziko muno ndi amishonale m'zaka za m'ma 1950, wa Free Methodist unayambitsidwa mu 1973 ndi Mmalawi, a Moses Phiri, atabwerera kuchokera kusukulu ya Baibulo m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ndipo kudana ndi muyeso wachinyengo makolo athu sanakuphunzire kwa mzungu: munthu wobera mnzake ankatchedwa wopanda umunthu kalekale.

Madzulo mabelo amamangidwanso, a kabaza amayatsa nyali, ogulitsa amakhala pansi kuwerenga zimene apeza. Mbusa nayenso ali ndi zoti awerenge, chifukwa pamalo pamene aliyense amadziwa mnzake, ngongole yake ya pa golosale si chinsinsi. Anthu amadziwa ngati amabweza pa nthawi yake, ngati waganyu wa m'munda mwake amalipidwa, ngati ndalama za chopereka zimalengezedwa pamaso pa mpingo. Wesley anapeza ndalama zambiri pogulitsa mabuku ake koma anazigawa, ndipo pomwalira mu 1791 anasiya zochepa kwambiri. Ndi moyo wotere umene unapatsa mphamvu kudzudzula kwake. Choncho mipingo imene imatuma atsogoleri kumadera ngati Chitipa isamafunse kokha kuti abatiza angati ndipo amanga matchalitchi angati. Ifunse alimi ngati amasankha kukagulitsa kwa mamembala a mpingowo chifukwa sikelo yawo ndi yoona, ifunse amayi ngati ndalama ya zokolola ikufika pakhomo, ifunse amalonda ngati mawu a abusa ndi okwanira popanda chikole. Mtsogoleri amene mayankho a mafunso amenewa ali kumbali yake ndiye woyenera kutchedwa wodzipereka, ndipo ndi amene sukulu zathu za Baibulo ziyenera kumaphunzitsa achinyamata kuti amutsanzire.