Kalonga Mzura: mfumu yofunika kuiphunzira, osati kungoitamanda

Ine kwathu ndi ku Mua. Kufupi ndi kwathuko, cha ku Mtakataka, kuli malo otchedwa Mankhamba, omwe anali likulu la ma Kalonga a ufumu wa Maravi. Koma ife ophunzira tikamatsutsana za utsogoleri, zitsanzo timakazitenga kutsidya la nyanja. Za Maravi timazikumbukira pa mayeso basi, kapena tikafuna kunyada kuti kale tinali anthu amphamvu. Ine ndikuona kuti kunyada kokhako kukutimana phunziro lenileni.

Titenge Mzura, amene Apwitikizi ankalemba kuti Muzura, yemwe ambiri amamuika pa mndandanda wa ma Kalonga. Mu 1608 anatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi omwe ankateteza Gatsi Rusere, mfumu ya Mutapa, kwa anthu omuukira. Mu 1616 analandira bwino Gaspar Bocarro, Mpwitikizi amene ankayenda kuchokera ku Tete kupita ku Kilwa. Mu 1622 Apwitikizi anabweza ngongole: anamuthandiza kugonjetsa Lundu, mfumu ya Amang'anja a kuchigwa cha Shire, Mmaravi mnzake. Chaka chotsatira, Gatsi Rusere atamwalira, Mzura anaoloka Zambezi ndi nkhondo, kulowa m'dziko lomwe Apwitikiziwo ankaliyang'ana ndi diso la golide. Ubwenzi unathera pomwepo.

Ndiye tinene kuti chiyani? Anali ngwazi kapena wogulitsa abale? Kwa ine mafunso onsewa ndi aulesi. Mzura anali wandale. Ankadziwa kuti mphamvu zili pa njira za malonda, makamaka a minyanga ya njovu, ndipo mlendo ankamuona ngati chida. Anagwiritsa ntchito Apwitikizi, iwonso anamugwiritsa ntchito. Zimenezi zinakulitsa ufumu, koma zinatsegulanso khomo loipa: mfumu kuitana mlendo kuti adzathane ndi m'bale wake.

Nthaka ya ku Mankhamba ikuchitira umboni za malondawa. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anapezapo mikanda yagalasi yochokera kunja, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga. Taganizani, mbale ya ku China kufika ku Mtakataka kulibe msewu wa tala, kulibe njanji. Makolo athu sanali anthu otsekeredwa kumudzi. Komabe taonani kusinthanako: kunkatuluka minyanga, n'kumalowa nsalu ndi mikanda. Kodi zikusiyana pati ndi lero pamene tikutulutsa fodya ndi soya osakonza, n'kumaitanitsa kunja pafupifupi chilichonse?

Mapeto akenso ngophunzitsa. Mafumu ang'onoang'ono atayamba kuchita okha malonda ndi Ayao ndi amalonda ena osadzera kwa Kalonga, likulu linafooka. Pofika m'zaka za m'ma 1860, pamene Kalonga Sosola anaphedwa pa nkhondo ndi Ayao, ufumuwo unali utatsala dzina. Lero Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakakula kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete, pomwe Mankhamba ambiri sadziwa n'komwe kuti ali pati.

Anzathu a ku Serbia ali ndi mfumu yawo yakale, Stefan Dušan, amene analanda ufumu kwa bambo ake mu 1331, kenako n'kukhazikitsa buku la malamulo mu 1349. Mbiri yake imanena zonse ziwiri, kulandako ndi malamulowo. Ifenso tisaope kutero ndi Mzura.

Anzanga a mbiri, zachuma ndi ndale, mukamasaka mutu wa kafukufuku womalizira digiri, kumbukirani Mankhamba. Yambirani ku Chamare Museum pa Kungoni, ku Mua, muone mmene mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao anaiyalira. Kenako tsikirani ku Mtakataka, mukakhale pansi ndi agogo athu, mukafunse bwino ndi ulemu. Nthaka idzadikira, koma okalambawo sadzatidikira.