Nyumba zakale za mu Henrietta Street

Tsiku lina Loweruka, titaweruka ku ntchito ya usiku, m'malo mokagona tinatsika Luas pa Dominick n'kuyenda wapansi mpaka mu Henrietta Street. Ambiri a ife timadutsa pa Bolton Street koma sitikhotera m'kamsewu kokwera mtunda aka, koyalidwa miyala, komwe kamakathera pa chipata cha King's Inns. Abale, kapiteniko.

Nyumba zake n'zazitali, za njerwa zofiira, zopanda khonde. Luke Gardiner anayamba kumanga msewuwu m'zaka za m'ma 1720, ndipo munkakhala mabishopu ndi anthu achuma. Nyumba ya malamulo ya Ireland itathetsedwa mu 1801, olemera aja anayamba kusamuka. Mu 1876 Thomas Vance anagula nyumba nambala 14, nagwetsa masitepe ake akuluakulu n'kuigawa timanyumba 19 ta lendi. Pa kalembera wa 1911 munapezeka anthu 100 m'nyumba imodziyo. Omaliza anatulukamo mu 1979.

Khonsolo ya mzinda wa Dublin inaikonza n'kuitsegula mu 2018 ngati malo osungirako mbiri. Chomwe chinatigwira mtima n'chakuti okonzawo sanafufute umphawi. Maluwa a pulasitala a nthawi ya mabwana alipo, komanso utoto wabuluu ndi wofiira womwe unapakidwa m'masiku a alendi anausiya pa khoma. Titaima m'chipinda chomwe banja lonse linkaphikiramo ndi kugonamo, ife anamwino tinangoganiza za chifuwa chachikulu, m'mene chinkayendera m'malo othithikana chonchi.

Koma mu nambala 14 simugona munthu tsopano. Nkhani yeniyeni ili m'nyumba zinzake za mu Gardiner Street ndi Mountjoy Square, momwe ena a ife tikuchita lendi. Ife tinakhalamo zaka zitatu m'chipinda chapansi cha nyumba yotere. Chaka chilichonse landilodi ankabwera ndi simenti ndi penti wonyezimira kudzamata khoma, ndipo dzinja likafika nkhungu yakuda inkatulukanso kuseri kwa wodilopu. Mwana wathu mphumu sinkamupatsa mpata.

Tinadzamvetsa mochedwa kuti vuto silinali ukalamba wa nyumba ayi, koma kakonzedwe kake. Makoma awa anamangidwa ndi njerwa ndi laimu, ndipo laimu amalola chinyezi kutuluka. Ukamata simenti pamwamba, madzi amatsekeredwa m'kati, khoma limazizira, ndipo mitengo yonyamula pansi imayamba kuola. Amene anakulira m'nyumba ya zidina kumudzi akudziwa zimenezi: khoma lozira ndi dothi limauma lokha, koma lopaka simenti limafufuma n'kusupuka. Amisiri odziwa amabwezeretsa laimu, amakonza mawindo akale a matabwa aja okweza ndi kutsitsa, n'kuikanso galasi lachiwiri chakum'kati kuti mphepo isalowe. Bafa ndi khitchini amaziika mosadula maluwa a kusiling'i. Nyumba imafunda, nkhope yake osasintha.

Malamulo nawo alipo. Kuyambira ndi lamulo la mapulani la 2000, nyumba zambiri zotere zili pa mndandanda wa zotetezedwa, ndipo mwini wake sangazule mawindo n'kuikapo apulasitiki popanda chilolezo cha khonsolo. Mu 2015 boma linayambitsa Living City Initiative, yochepetsera msonkho anthu okonza nyumba zakale za pakati pa mzinda. Kungozisiya nakonso n'koopsa: mu June 1963 nyumba yotere inagwa pa Bolton Street pomwepa n'kupha okalamba awiri.

Chomwe chimatidandaulitsa ndi ichi. Nyumba ikakonzedwa bwino lendi imakwera, kapena imasanduka yogonamo alendo odzacheza masiku awiri, ndipo namwino, woyendetsa basi ndi wosamalira okalamba amakankhidwira kutali ndi ntchito. Kale osauka anazilandira nyumbazi olemera atazitaya, lero zikayambanso kukongola akutulukamo ndi iwo omwewo.

Potsika mtunda tinakumbuka Mandala House ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, yomwe tinkaidutsa tili ana osaiyang'ana n'komwe. Tinagwirizana kuti ulendo wina tidzatenga ana a m'bungwe lathu kukaona nambala 14. Polowa pamakhala malipiro ndipo amakuyendetsani m'magulu, choncho ndi bwino kusungitsiratu malo.