Kalata ya ku Dedza: Makolo Tisamangoitanidwa Kudzaumba Njerwa

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule za ubale wa sukulu ndi makolo kuno kwathu ku Dedza. Ndi nkhani yomwe timainong'ona kumsika ndi kumaliro, koma tikafika pasukulupo timangoti ziii.

Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale mu 1994, ana anakhamukira kusukulu mpaka makalasi anachepa. Amene anatseka mpatawo ndi anthu akumudzi. Midadada, zimbudzi ndi nyumba zambiri za aphunzitsi m'boma muno zili ndi thukuta la makolo: anaumba njerwa, kuotcha uvuni ndi kututa mchenga kudambo. Kumene kuli phala la ana, amayi ndiwo amalawirira kukasonkha moto m'chisanu cha Juni, ndipo aliyense wodziwa Dedza akudziwa chisanu chomwe ndikunena. Salandira kanthu. Amayi a mother group nawo amayenda khomo ndi khomo kufunafuna atsikana omwe asiya sukulu.

Tsono bwerani pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi mudzaone. Ahedi, akomiti ndi mafumu ali pamipando kutsogolo. Amayi ophika phala aja akhala pansi, kumbuyo kwenikweni. Nkhani zimabwera zitapsa kale, chathu n'kuwomba m'manja. Sukulu zaboma zimalandira ndalama zotukulira sukulu zotchedwa SIG, zomwe zimayenera kugwira ntchito motsata dongosolo lomwe aphunzitsi, makolo ndi mafumu agwirizana. Koma pasukulu ya kwathu lipoti lake limawerengedwa mothamanga, theka m'Chingerezi, ndipo kholo lofunsa mtengo wa simenti limayamba kutchedwa lovuta. Mawa lake mwana wake amayenda mwamantha.

Chimene chimandiwawa koposa ndi tsiku la msonkhano. Amauika pakati pa sabata, nthawi yopalira kapena yokumba mbatatesi. Amene amabwera ndi omwe ali ndi antchito kumunda, a magolosale ndi opuma pantchito. Gogo amene akulera adzukulu amasiye ali paganyu tsiku limenelo, chifukwa akajomba ana agona ndi njala. Obwerawo akagwirizana kuti banja lililonse lisonkhe ndalama ya mlonda, amayeza ndi thumba lawo. Pakapita masabata, wobwezedwa pakhomo la kalasi ndi mdzukulu wa gogo uja, yemwe sanafunsidwe n'komwe. Kenako timva kuti makolo akumudzi safuna sukulu. Ayi ndithu, ambiri amaifuna, koma palibe amene amakonda kupita komwe amangokamva za ngongole.

Sindikuti ife makolo ndife oyera. Tsiku la msika makalasi amachepa ana, ena ali m'mbali mwa msewu wa M1 ndi zidebe za mbatatesi, ena kubusa. Pali makolo omwe amafika pasukulu pokhapokha akadzalalatira mphunzitsi, osaganiza kuti munthuyo akulimbana yekha ndi ana oposa 100 mu Sitandade 1. Aphunzitsiwo tiziwamveranso chisoni.

Komatu Dedza yemweyu anaonetsa dziko zomwe zimachitika anthu akumudzi akapatsidwa mawu. Inkosi Theresa Kachindamoto anatchuka mpaka kunja pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu, ndipo nyakwawa zololera maukwatiwo ankaziimitsa paudindo. Sankayenda okha m'midzi yonse ija. Anali ndi amayi ndi abambo m'midzimo omwe ankawatsina khutu mwana akasowa m'kalasi. Lamulo la 2015 lokhudza maukwati, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zinakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, koma lamulo silidziwa kuti nyumba iti yabisa mtsikana. Amadziwa ndi mayi woyandikana naye. Ngati amayiwa tikuwakhulupirira pa nkhani yaikulu chonchi, tikuwaopa chiyani pa nkhani ya malata ndi choko?

Pempho langa kwa ahedi ndi makomiti ndi ili: matani lipoti la ndalama pakhoma la sukulu, lolembedwa m'Chichewa, kuti wodziwa kuwerenga awerengere mnzake. Tsiku la msonkhano muzigwirizana ndi mafumu, poona ntchito zakumunda. Posankha komiti, mmodzi mwa amayi ophika phala alowemo, ndipo akhale pampando. Mwana asabwezedwe chifukwa cha ndalama yomwe kholo lake lalephera kusonkha, popeza lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira sukulu yapulayimale. Nanu a PEA, alangizi a zamaphunziro, mukabwera kudzayendera sukulu, musathere mu ofesi ya ahedi mokha. Pitani kuseri komwe kukufuka utsi wa phala, mukawafunse amayiwo momwe sukulu ikuyendera.

Ndine wanu,
Kholo la ku Dedza