Maziko a Khalidwe Labwino kwa Mkhristu

Pa sukulu yathu ino tili ndi malamulo ambiri ndithu. Belu likalira m'mamawa timadzuka, likaliranso timalowa m'kalasi, ndipo usiku magetsi akazimitsidwa aliyense ayenera kukhala pa bedi lake. Malamulo amenewa ndi abwino, pakuti popanda iwo ana ochuluka chotere, ochokera m'maboma osiyanasiyana, sakadatha kukhala pamodzi mwamtendere. Komatu pali funso limene ndifuna kuti tiliganizire pamodzi, anzanga ndi inu aphunzitsi athu. Tsiku limene mphunzitsi palibe, pulifekiti wagona, ndipo palibe diso lotiona, kodi chimene chitiletsa kuchita choipa n'chiyani?

Ena a ife amachita bwino chifukwa cha mantha okha. Aopa chilango chokumba dzenje, aopa kalata yopita kwa makolo, aopa kuchotsedwa sukulu. Mantha ali ndi ntchito yake, koma sangakhale maziko, chifukwa munthu wotere afanana ndi mbuzi yomangirira: chingwe chikaduka, ili kale m'munda mwa eni. Ena amayang'ana gulu, nati chimene onse achita sichingakhale choipa. Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero litchedwa Algeria, amene anabadwa m'chaka cha 354 namwalira mu 430, anasimba m'buku lake lotchedwa Confessions kuti ali ndi zaka 16 anaba zipatso m'munda wa mnansi pamodzi ndi anyamata anzake. Sanali ndi njala, pakuti kwawo kunali zipatso zokoma kuposa zimenezo, ndipo zambiri anangoponyera nkhumba. Atakula anazindikira kuti akadakhala yekha sakadaba. Anali wa msinkhu wathu womwewu, ndipo gulu linamtsogolera kolakwika monga litsogolera ambiri kufikira lero.

Kwa Mkhristu maziko ali mwa Mulungu mwini. Tikawerenga Eksodo 20 tiona kuti Mulungu, asanapereke Malamulo Khumi, anayamba wakumbutsa Aisraeli kuti ndiye amene anawatulutsa mu ukapolo wa ku Aigupto. Ndiye kuti kumvera kwawo kunayenera kukhala kuthokoza kwa anthu omasulidwa. Tionenso kuti lamulo lotsiriza liletsa kusirira za mwini, chinthu chochitika mumtima chimene wapolisi aliyense sangachigwire. Pa Mateyu 22 Yesu anamanga malamulo onse m'mtolo wa awiri, kukonda Mulungu ndi kukonda mnzathu, ndipo awiriwo anawatenga pa Deuteronomo 6:5 ndi Levitiko 19:18. Chotero muzu wa khalidwe lachikhristu ndiwo chikondi, ndipo malamulo ndiwo nthambi zake.

Koma mawu akuti chikondi ndi osavuta kuwapotoza. Chigawo chathachi tinatsutsana kwambiri m'hositelo mwathu pa nkhani ya likasa. Mnyamata wina wochenjera pakamwa anatifunsa chotere: "Tinene kuti mafunso a mayeso akufika m'manja mwako usiku, ndipo uli ndi mnzako wofooka pa masamu, amene makolo ake anagulitsa mbuzi zawo zonse kuti amlipirire sukulu. Ukamuonetsa mafunsowo, kodi si chikondi chimenecho? Ukamubisira, kodi ndiwe Mkhristu wotani?" Ambiri anavomera, ndipo sindiwaseka, pakuti nkhani ya mbuzi zogulitsidwa tonse tiidziwa bwino kwathu.

Ine ndiganiza kuti yankho lili pa Luka 10, pamene wodziwa malamulo anafunsa Yesu kuti mnzake ndani, ndipo Yesu anasimba fanizo la Msamariya amene anathandiza munthu wosamdziwa konse. Mnzanga sali yekhayo amene ndidya naye nsima m'mbale imodzi. Alipo mtsikana wina pa sekondale yoyendera kumudzi, amene ayenda mtunda wautali tsiku ndi tsiku nawerenga usiku ndi nyali ya koloboyi. Iyenso alemba mayeso omwewo, nalimbirana nafe malo omwewo a ku yunivesite. Ndikapatsa mnzanga likasa, ndatenga malo a mtsikanayo, ngakhale dzina lake sindidzalimva. Izi si nthano ayi. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa m'dziko lonse la Malawi chifukwa mafunso anabedwa, ndipo ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Uko ndiko kunena kuti chala chimodzi chikagwira mafuta chipaka zinzake zonse.

Thomas Aquinas, mphunzitsi wa Mpingo wa ku Italy amene anamwalira m'chaka cha 1274, anaphunzitsa kuti poyesa ntchito ya munthu tiyenera kuona zinthu zitatu: chimene wachita, cholinga chake pochita, ndi m'mene zinthu zinalili pa nthawiyo. Ntchito ikhala yabwino pamene zonse zitatu zili bwino. Chimodzi chikaipa, yonse yaipa. Wopereka mphatso kuti anthu amtame wachita chabwino ndi cholinga choipa. Wopatsa mnzake likasa ali ndi cholinga chabwino, koma chimene wachita ndicho kuba ndi kunama. Paulo yemwe, pa Aroma 3:8, anakana chiphunzitso chakuti tingachite choipa kuti chabwino chitulukemo. Tsono chikondi chenicheni kwa mnzanga wofooka pa masamu ndicho kukhala naye pansi madzulo alionse, miyezi isanathe, ndi kumlongosolera mpaka amve. Njira imeneyi ndi yotopetsa, ndipo idya nthawi yanga yowerenga, koma Msamariya uja nayenso anataya nthawi ndi ndalama zake.

Kuti tithe kusankha bwino Mulungu anatipatsa chikumbumtima, chimene Paulo anena pa Aroma 2 kuti chili ngakhale mwa anthu amene sanalandire malamulo olembedwa. Komabe chikumbumtima chifuna kuphunzitsidwa. Chifanana ndi khasu: ukalinola lilima, ukalisiya pamvula lichita dzimbiri. Timachinola powerenga Mawu a Mulungu, popemphera, pofunsa nzeru kwa akulu, ndiponso pochimvera m'zinthu zazing'ono, monga kubweza sopo wa mnzathu amene tampeza kubafa, kapena kukana kuzunza ana a Fomu 1 chifukwa chabe chakuti ndi mwambo wakale.

Ifika nthawi yina pamene munthu ayenera kuima pa choona ngakhale akulu amuopseze. Petro ndi atumwi anzake anatero pamaso pa bwalo la akulu, monga tiwerenga pa Machitidwe 5. Kuno kwathu mabishopu a Katolika analemba kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, yodzudzula kusowa kwa chilungamo ndi ufulu m'dziko, pa nthawi imene kulankhula zotere kunali koopsa kwambiri. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota kusankha ulamuliro wa zipani zambiri. Ndisamveke ngati ndikuti tizikana belu la m'mamawa ponamizira chikumbumtima; belu silitilamula kuchimwa. Ndikunena kuti kulimba mtima kotere sikumera tsiku limodzi. Amene alephera kukana kapepala kakang'ono m'chipinda cha mayeso adzakana bwanji chiphuphu akadzakhala pa mpando wa ofesi?

Chifukwa chake, anzanga, tikafika pa mphambano tisayambe ndi kufunsa ngati tigwidwa kapena ngati ena achitanso. Tidzifunse ngati chinthucho chili choona pamaso pa Mulungu, tidzifunse chimene mtima wathu ufuna pochichita, ndipo tikumbukire mnzathu wosaoneka amene adzasenza mtolo wake. Ndipo wina mwa ife akagwa, tisamponde, koma timdzutse, pakuti Mulungu amene anapereka malamulo ndi yemweyo amene akhululuka. Masiku athu pano ndi owerengeka, ndipo belu la sukulu tidzalisiya pompano. Chimene tidzapita nacho kunja kwa chipata ndicho mtima umene taukonza tili muno.